Kulondola maloboti akale ku Japan: Tokyo, Shizuoka mpaka Kobe

Loweruka, Kami-Igusa

Maphunziro omwe anandibweretsa kuno atha dzulo. Anzanga a m'kalasi agawikana pawiri: ena apita ku Kyoto kukajambulitsa pa akachisi, ena ali ku Akihabara kusaka mafoni ndi malaputopu oti akakondweretse nawo akunyumba. Ine nditawauza kuti ndikupita kukaona maloboti a m'makatuni, mkulu wina wa ku Ghana anangondigwira paphewa mondimvera chisoni.

Chipinda chaulere chatha, ndiye kuyambira lero zonse ndi za m'thumba mwanga. Ndapeza pogona ku Shinjuku, malo aja amangokupatsa kabokosi kolowamo chokwawa, ma yen 4,500 usiku umodzi. Ndasiya kutembenuzira mitengo mu kwacha, chifukwa ndikatero ngakhale madzi akumwa amandivuta kugula.

Ku Kami-Igusa umakwera sitima ya njanji ya Seibu Shinjuku, koma iyenera kukhala yoima paliponse, chifukwa zothamanga zimangodutsa. Anandichenjeza ndi mayi wina wonyamula zamasamba, yemwe anaona dzina la siteshoni pafoni yanga n'kundikoka malaya ndisanalowe m'sitima yolakwika. Sanayankhule liwu lililonse lomwe ndinalimva. Anangoloza pansi pomwe ndiyenera kuima, kenaka anakweza zala zinayi. Patapita mphindi zinayi sitima yanga inafikadi.

Malowa ndi okhala anthu wamba: tinyumba tothinana, njinga zakapalasa zoimikidwa mwadongosolo, kasitolo ka buledi. Ukangotuluka pasiteshoni umakumana ndi chiboliboli chamkuwa cha Gundam, loboti ya m'katuni yotchuka ya kuno, chotalika pafupifupi mamita 3 kuphatikiza pomwe chaimapo, dzanja limodzi chitakweza kumwamba. Anachiika mu 2008. Sitima ikamanyamuka pasiteshoniyi pamalira kanyimbo kotsegulira katuniyo. Anthu odutsa sachiyang'ana n'komwe. Amene tinaima ndi foni tinali ine ndi bambo wina waimvi wovala suti.

Chifukwa chake chili pano n'chakuti situdiyo ya Sunrise inali m'dera lomweli kwa zaka zambiri, ndipo kuno n'komwe anajambula Mobile Suit Gundam mu 1979, motsogozedwa ndi Yoshiyuki Tomino. Katuniyi isanabwere, loboti ya pa TV inali ngwazi: sabata iliyonse kumabwera chilombo chatsopano, loboti n'kuchiphwanya, basi. Tomino anaisandutsa chida wamba cha asilikali, chomwe chimatha zipolopolo ndi kufuna amakaniko. Mnyamata woiyendetsa, Amuro Ray, sanafunsire ntchitoyo. Nkhondo inangomupeza kwawo. Adani nawonso ndi anthu, ali ndi azimayi awo ndi zifukwa zawo. Ana aang'ono sizinawasangalatse, zidole sizinayende malonda, ndipo zigawo 52 zomwe anakonza anazidula n'kukhala 43. Anaipulumutsa ndi achinyamata okulirapo, atsikana ambiri ali momwemo, omwe anaikakamira ataibwerezanso pa TV. Situdiyo inasamukira ku Ogikubo mu 2021, koma chiboliboli chinatsala ndi eni mudzi.

Masana ndadya mpunga wothira nyama yang'ombe yoduladula mopyapyala, ma yen 500 ndi kanthu. Umalipira pamakina, umapereka kapepala, chakudya chimabwera usanakhazikike bwino pampando.

Usiku ndinakaima pabwalo la kum'mawa kwa siteshoni ya Shinjuku. Pa 22 February 1981 panasonkhana achinyamata oposa 10,000 pamwambo wolengeza filimu ya Gundam, ena atavala ngati anthu a m'katuniyo. Mnyamata mmodzi yemwe tsikulo anavala ngati Char Aznable, mdani wamkulu wa Amuro, Mamoru Nagano, anadzakhala katswiri wojambula maloboti. Lero ndi pongodutsa anthu othamangira sitima, ndipo ine ndinali kuwatsekera njira.

Lamulungu, Nakano

M'kabokosi muja tulo tinali tapatalipatali. Mnansi wanga wam'mwamba ali ndi chifuwa.

Nakano Broadway ndi chinyumba cha 1966, chakale ndithu poyerekeza ndi zonyezimira za mu Tokyo. Pansi penipeni pali msika wa nsomba ndi masamba pomwe agogo a m'derali amagula ndiwo, pamwamba pamakhala mabanja, pakati ndiye pali tinjira tothinana todzaza timasitolo ta zidole ndi mabuku akale. Timasitolo tambiri timatsegula 12 koloko masana, choncho ndinadikira kumsika kuja ndikunyambita ayisikilimu wosanjikiza mitundu isanu ndi itatu, yemwe anandigonjetsa ndisanafike theka.

Mandarake inayambira muno mu 1980 ngati kasitolo kamodzi ka manga (mabuku a nthano zojambulidwa) ogwiritsidwa kale ntchito. Pano ili ndi timasitolo tambirimbiri m'nyumba yomweyi, kalikonse ndi katundu wake. Ndinalowa ka zidole zachitsulo. M'kabati yagalasi munali Mazinger Z wa 1974, mmodzi mwa zidole zoyamba za Chogokin zomwe inkapanga kampani ya Popy. Kanthu kokwana m'dzanja, koma mtengo wake ndinachita kuwerenga maziro ndi chala. Pakapepala amalemba chilichonse: penti yakalika apa, chibakera chimodzi chinasowa, bokosi linang'ambika pakona. Chidole chokhala ndi bokosi lake chimadula kutali ndi chinzake chopanda bokosi. Ndiye kuti mwana yemwe anasewera nacho mpaka kuchithyola, monga chinapangidwira, ndiye anataya chuma. Wolemera ndi uja anachibisa m'kabati. Zimenezi sizinandikomere kwenikweni.

Mazinger Z ndi ya Go Nagai, inayamba mu 1972. Iye amafotokoza kuti ganizo linamubwerera ataona magalimoto atathithikana pamsewu, n'kuganiza za dalaivala yemwe akulakalaka galimoto yake itamera miyendo n'kuyenda pamwamba pa zinzake. Ndipo zinaterodi: m'malo mwa loboti yodziyendera yokha kapena yolamulidwa chapatali, mnyamata amalowa m'mutu mwake n'kumaiyendetsa. Pafupifupi zonse zomwe zinabwera pambuyo zinatengera pamenepo. Mu 1974 kunabwera Getter Robo, ndege zitatu zolumikizana kukhala loboti imodzi, ndipo opanga zidole anazindikira msanga kuti kholo lizigula zitatu m'malo mwa chimodzi.

Chomwe chandisangalatsa kwambiri lero si zidole koma ogula. Achijapani ambiri omwe amawerama pa makabatiwa ndi azaka za m'ma 50 kupita m'tsogolo, ena ali ndi magalasi awiri, owonera patali ndi owerengera mitengo. Alendo nawo aliyense ali ndi loboti yakwawo. Bambo wina wa ku Jordan ankafunsa Grendizer yekhayekha, katuni ya 1975 yomwe inamasuliridwa m'Chiarabu n'kulera m'badwo wonse kumeneko; anandionetsa pafoni chiboliboli chake cha mamita 33 chomwe chili ku Riyadh. Ku France yomweyo amaidziwa kuti Goldorak, inafika kumeneko mu 1978.

Amene ndinacheza nawo nthawi yaitali ndi mayi wa ku Philippines, namwino yemwe amagwira ntchito kuno, ali ndi amuna awo. Iwo yawo ndi Voltes V. Inayamba kuonetsedwa kwawo mu 1978, ndipo mu 1979 boma la Ferdinand Marcos linailetsa kutatsala zigawo zochepa kuti ithe, ponena kuti ili ndi zachiwawa zoononga ana. Anthu ambiri amakhulupirira kuti vuto linali nkhani yake, chifukwa imathera pa anthu oponderezedwa kuukira mafumu awo. Zigawo zomalizazo anadzaziona mu 1999, ali akuluakulu. Bambowo pofotokoza anayamba kuimba nyimbo yake m'Chijapani, mawu onse, pomwe Chijapani choyankhula amangodziwa cha moni. Ndinawauza kuti ife obadwa nthawi ya Kamuzu za bungwe loletsa mafilimu ndi mabuku sitichita kufunsa, ndipo tinaseka ngati anthu odziwana kalekale.

Ine yanga ndi Voltron, mikango isanu yachitsulo yolumikizana kukhala loboti imodzi. Kwathu TV ya dziko inayamba mu 1999, ndiye ubwana wanga makatuni tinkawaonera m'mavidiyo sho a ku Ndirande, pa matepi omwe anachita kujambulidwa kuchokera ku matepi ena mpaka mitundu kusuluka. Sitinkadziwa kuti ndi za ku Japan, ndipo chigawo choyamba kapena chomaliza palibe anachionapo. Muno mu Mandarake mnyamata wogulitsa ananditulutsira mikango isanu ija pansi pa dzina lake lenileni, GoLion, ya 1981. Anthu a ku America anaitenga mu 1984, n'kuchotsamo imfa ndi magazi, n'kuitcha dzina lina. Kuno si yotchuka kwenikweni, ili pashelefu yapansi. Ndinaigwira m'manja, yolemera, yozizira, n'kuibweza. Ndinatuluka ndi kaloboti ka m'makina oponya ndalama, ma yen 400.

Lolemba, Inagi

Mvula kuyambira m'mawa. Odaiba ndaidumpha dala. Gundam wamkulu wa kumeneko, wa mamita pafupifupi 20, aliyense wobwera ku Tokyo ali naye pa Facebook. Uja woyenda wa ku Yokohama anamutseka mu March 2024.

M'malo mwake ndapita ku Inagi-Naganuma, panjanji ya Nambu, kwawo kwa Kunio Okawara, munthu yemwe anajambula maonekedwe a Gundam ndi Zaku, loboti ya adani m'katuniyo. Pansi pa mlatho wa sitima paima awiriwo, aliyense mamita 3.6, ndipo chapafupi pali Scopedog wa m'katuni ina ya Armored Trooper Votoms pamsinkhu wake weniweni, wosakwana mamita 4, wobiriwira ngati galimoto yankhondo. Ameneyu ndiye wandiopsa kuposa zazikulu zija, chifukwa ndi wamng'ono moti umakhulupirira kuti munthu angathedi kumupanga n'kubwera naye m'mudzi.

Ndinalibe ambulera. Agogo ena otuluka m'sitolo anandipatsa yawo yapulasitiki, n'kuloza nyumba tsidya la msewu kusonyeza kuti afika kale. Ndinawerama, iwo anawerama, ndinaweramanso, mpaka anachita kundithamangitsa ndi dzanja.

Mapazi atupa. Ndagona 8 koloko.

Lachiwiri, Shizuoka

Sitima yothamanga kwambiri ya Shinkansen imafika ku Shizuoka pa ola limodzi, koma pamtengo wa pafupifupi ma yen 6,000. Ine ndakwera zapang'onopang'ono, kusinthira ku Atami, maola atatu, ma yen 3,400 ndi kanthu. Tinadutsa Odawara, kwawo kwa Tomino, ndipo titangopitirira pamenepo nyanja inatulukira kumanzere, pansi penipeni pa njanji. Phiri la Fuji linali m'mitambo tsiku lonse.

Mzinda uno ndiwo umapanga zoposa 80 pa 100 zilizonse za zidole zapulasitiki zolumikiza wekha za m'dziko lino. Makampani ozipanga monga Tamiya, Hasegawa ndi Aoshima, onse ndi a konkuno. Mizu yake ndi ukalipentala: amisiri a matabwa omwe anabwera kudzamanga akachisi kalekale anakhazikika kuno, zidzukulu zawo zinayamba kupanga tindege tamatabwa, kenaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 n'kusinthira ku pulasitiki. Mzindawu umanyadira zimenezi mpaka bokosi loponyamo makalata lina analipanga ngati zidutswa zomwe sizinadulidwe pafelemu yake.

Fakitale ya kampani ya zidole ya Bandai ili pafupi ndi siteshoni ya Naganuma ya muno mu Shizuoka. Ndinangoiona kunja kwa mpanda, chifukwa kulowa kumafuna kulembetseratu. M'menemo ndimo mumachokera Gunpla, maloboti a Gundam olumikiza wekha. Woyamba anatuluka mu July 1980 pamtengo wa ma yen 300, katuni itatha kale pa TV, ndipo kuchokera pamenepo agulitsa oposa 700 miliyoni. Kunena zoona, pulasitiki ndi yomwe yasunga Gundam wamoyo zaka zonsezi. Katuni iliyonse yatsopano imabwera ndi mabokosi ake, ndipo nthawi zina ukamaonera umachita kuona kuti loboti iyi yalowa m'nkhani chifukwa fakitale ikuifuna.

Madzulo ndinalowa kasitolo kena kakang'ono komwe kumbuyo kuli matebulo obwereketsa kwa ofuna kulumikiza zidole zawo pomwepo. Ndinagula kabokosi ka oyamba kumene, kotsika mtengo kuposa chakudya chamasana cha mu hotela. Guluu safunika, zidutswa zimangolowana, ndipo mitundu imabwera kale mu pulasitikiyo. Ndinayamba kuthyola zidutswa ndi zala. Bambo yemwe anakhala moyang'anana nane anapirira kwa mphindi ziwiri, kenaka anadzuka n'kubwera ndi kapulayala kake. Anandionetsa kuti umadula kawiri: koyamba patali pang'ono, kachiwiri pafupi, kuti pasatsale chipsera choyera.

Tinacheza kudzera pafoni yomasulira, yomwe nthawi zina inkatinamiza tonse awiri. Anati ali mwana wasukulu, mu 1981, ankafola m'mamawa pakhomo la sitolo, ndipo katundu akafika ankatha pa mphindi zochepa. Eni masitolo ena ankakukakamiza kugula bokosi losayenda malonda kuti akugulitse lomwe ukufuna. Kunyumba kwawo ali ndi mabokosi osatsegula odzaza kabati yonse, ndipo akazi awo amadziwa theka lokha.

Ine ndinawaonetsa chithunzi cha galimoto yamawaya yomwe mwana wa mchemwali wanga anapanga ku Chirimba. Anachikulitsa ndi zala, n'kuyang'anitsitsa pomwe chiwongolero chachitali chimalumikizana ndi mateyala akutsogolo. Anafunsa ngati chimakhotadi. Nditavomera anaitana mwini sitolo kuti adzaone, ndipo awiriwo anakangana kwa kanthawi za mmene mawayawo anapindidwira. Anafunsanso ngati pamakhala pepala la malangizo. Ndinati ayi, mwana amangoona galimoto ikudutsa. Potsanzikana anandikankhira kapulayala kaja m'thumba la jekete, ndipo kukana kwanga sikunaphule kanthu.

Chakudya chamadzulo chinali oden wa kuno: mazira, nyama ndi timabumi ta nsomba zosinja, zonse zobaya patimitengo n'kuwiritsa mu msuzi wakuda, pamwamba n'kuwaza ufa wa nsomba. Polipira amawerenga timitengo totsala m'mbale. N'zokoma, koma ndinatuluka m'mimba muli mpata wa nsima.

Usiku, m'basi ya ku Osaka

Makatani otseka, magetsi ozimitsa, anthu onse chete. Ndikuopa kugona chifukwa ndimaliza mkonono, ndipo muno ngakhale kutsegula paketi ya bisiketi kukumveka basi yonse.

Pokonza ulendowu ndinkafuna kukafika ku Wajima, kwawo kwa Go Nagai, komwe kunali nyumba yoonetsera ntchito zake mumsewu wa msika wam'mawa. Chivomerezi cha pa 1 January 2024 chinabutsa moto womwe unapsereza msika wonsewo, nyumbayo ili momwemo. Kupita kumeneko ndi kamera kukafunsa za maloboti, anthu akadali pakati pomanganso miyoyo yawo, ndinaona kuti si ulemu.

Chimvereni za chivomerezicho, ndikagona ndimayang'ana kaye pomwe pali chitseko. Sabata yatha kunagwedezeka pang'ono tili m'kalasi. Aphunzitsi sanasiye n'kuyankhula komwe, ine mtima unali m'khosi.

Lachitatu, Shin-Nagata, Kobe

Ndinasukusula kumaso m'chimbudzi cha pasiteshoni ku Osaka, n'kukwera sitima ya ku Kobe pamodzi ndi anthu opita kuntchito. Kuchokera pasiteshoni ya Shin-Nagata n'kuyenda mphindi zochepa. Magetsi ena a mumsewu anawapanga ngati mutu wa loboti, ndipo ukakhota pakona ya sitolo yaikulu, mwini mutuyo amangoti mbwee patsogolo pako.

Chiboliboli cha loboti Tetsujin 28-go chaima m'paki ya Wakamatsu, miyendo yotangadza, chibakera chotambasula. Msinkhu wake ndi mamita oposa 15 (atawongoka akanafika 18), kulemera matani 50, chitsulo chokhachokha. Alibe magetsi othwanima, sasuntha, palibe tikiti, palibe mpanda. Mimba yake ndi yozungulira, mphuno yosongoka. Ana a sukulu ya mkaka anali kuthamangitsana pakati pa miyendo yake, aphunzitsi awo akuwawerenga. Pa zonse zomwe ndaona paulendowu, uyu ndiye ndamukonda.

Ndiye gogo wa maloboti onsewa. Anamulenga ndi Mitsuteru Yokoyama, mwana wa mu Kobe momwemuno, wobadwa mu 1934. Ali mnyamata anaona mzinda wake utasanduka phulusa ndi mabomba a ndege za America za B-29 mu 1945. Manga yake inayamba mu 1956, katuni ya pa TV, yopanda mitundu, mu 1963. M'nkhaniyo lobotiyi inapangidwa kuti ikhale chida chachinsinsi cha Japan pankhondo, koma nkhondo inatha isanagwire ntchito, ndipo inatsala m'manja mwa mnyamata Shotaro Kaneda, yemwe amailamula ndi limoti. Ilibe mtima wakewake. Limoti ikabedwa ndi achifwamba, loboti yomweyo imagwetsa nyumba za anthu omwe inkawateteza dzulo. Tomino naye anabadwa mu 1941, Nagai mu 1945. Ife ku Ndirande tinkangokuwa chibakera chikauluka, osadziwa kuti anthu omwe ankajambula mizinda ikugwa sabata iliyonse anakulira m'mabwinja enieni.

Nagata, dera lomwe kuli chilobotichi, inagwanso kachiwiri. Pa 17 January 1995, nthawi ili 5:46 m'mawa, chivomerezi chinagwedeza Kobe n'kupha anthu 6,434. Dera lino ndi lomwe linapsa koposa: nyumba zamatabwa zothinana, timafakitale ta nsapato todzaza labala ndi mankhwala oyaka, mapaipi amadzi ataphulika moti ozimitsa moto analibe chothira. Chilobotichi anachimaliza mu 2009 ngati chizindikiro choti deralo laimanso, ndipo ndalama zambiri anasonkha ndi anthu ndi amalonda.

Koma ndisakunamizeni kuti zonse zili bwino. Ndinayenda m'misika yofoleredwa yomwe anamanganso pambuyo pa moto, yaukhondo, yotakasuka, ndipo zitseko zambiri zinali zotseka masana dzuwa likuswa mtengo. Alendo amabwera, amajambula loboti, amabwerera kusiteshoni osagula ngakhale tiyi. M'njira za msikawu aikamonso ziboliboli za ankhondo akale a ku China a m'manga ina yaitali ya Yokoyama, kuyesa kukoka anthu kuti alowe mkati. Ine zinandikoka, koma ndinali pafupifupi ndekha.

Ndinadya m'kanyumba ka mipando isanu ndi umodzi, kwa mayi wachikulire yemwe amaphikira pachitsulo chamoto patsogolo pako. Chakudya cha kuno ndi sobameshi, mpunga wokazinga pamodzi ndi manudozi oduladula. Akuti chinayamba ndi ogwira ntchito m'mafakitale a nsapato, omwe ankabwera ndi mpunga wozizira wa kunyumba n'kupempha kuti awakazingire limodzi. Anathiramo bokkake, mitsempha ya ng'ombe yophika mpaka kufewa, yotsekemera pang'ono. Ma yen 800, ndipo kwa nthawi yoyamba m'dziko lino ndinakhuta zenizeni.

Mayiwo anafunsa kwathu. Malawi sanaidziwe, ndiye ndinawaonetsa pamapu, ndipo anadabwa ndi kukula kwa nyanja. Pakhoma panali chithunzi cha msewu womwewu usanapse. Ndinachiyang'ana, iwo anandiona ndikuchiyang'ana, n'kundiwonjezera supuni ina ya mpunga. Za loboti anangoti zidzukulu zawo zikasochera pamsika zimadziwa kuti pokumana ndi pa phazi lamanzere.

Lachinayi, Osaka

Tsiku la zogula za anthu ena. Ku Nipponbashi kuli masitolo a Gunpla a nsanjika zingapo, koma mashelefu a zotchuka ali mbee, ndipo zina amalola bokosi limodzi pa munthu pofuna kuthana ndi ogula zambiri n'kukagulitsa modula pa intaneti. Ndagula atatu otsika mtengo: awiri a ana anga, limodzi la mmisiri wa ku Chirimba uja. Kapulayala kapita kwa iyeyo.

Mayi akunyumba anandituma mphika wamagetsi wophikira mpunga. Mnyamata wogulitsa atamva komwe ndikupita nawo anandiletsa womwe ndinasankha, chifukwa magetsi a kuno ndi a 100V pomwe athu ndi a 230V, ndipo ukanapsa tsiku loyamba. Ananditengera pashelefu ya opita kunja, komwe womwewo ndi wodula kwambiri. Ndagula, chifukwa kubwerera ndi maloboti popanda mphika ndi mlandu womwe ngakhale ankhoswe sangauthe.

Tsopano vuto ndi chikwama. Kulemera kuli bwino, sikunafike makilogalamu 23, koma mabokosi a Gunpla ndi mpweya wokhawokha ndipo akudya malo onse. Nzeru yake ndi kuchotsa zidutswa, kuzikulunga m'malaya, mabokosi n'kutaya. Ndayesa ndi limodzi, koma nditaona chithunzi chapamwamba pake dzanja lakana. Ndawaphwasula bwinobwino m'mbali mwake n'kuwayala pansi pa chikwama, ndikawamate ndikafika. Nsapato zakale zomwe ndinabwera nazo zitsala konkuno, ndipo ndikufunika kufunsa kaye pa kauntala kuti nsapato amataya m'bini iti, chifukwa pakhomo pali mabini anayi.